Waya Wolambalala Rileyi

Mota yaikulu yopopa madzi mumgodi inazima kachitatu m'mawa umenewo. Inkazimitsidwa ndi rileyi, kachipangizo koiteteza.

"Achimwene, lumikizani waya molambalala kachinthuko," anatero kapitawo. "Anthu ali pansi, madzi akukwera."

Wamagetsi analoza singano ya pawa fakita, yoonetsa mmene mota ikugwiritsira ntchito magetsi, imene inali itagweratu. "Motayi yasiya kuyendera limodzi ndi magetsi. Tikaikakamiza ipsa."

"Mlamu wanunso ali komweko."

Wamagetsi analumikiza waya uja. Mota inalira kwa mphindi makumi awiri, kenako inafuka utsi n'kuima. Anthu asanu ndi atatu anali atatuluka. Mlamu wake ndi ena awiri sanatuluke.

Masana wamagetsi uja anapita yekha kukauza mlongo wake, mkazi wa mlamuyo. Anamupeza akuanula zovala za ana pachingwe.