Chisoti cha Bambo

Maliro atatha, anzawo a bambo a ku ntchito yozimitsa moto anabwera kudzapepesa. Anakhala pabalaza, zipewa zili m'manja, n'kumasimba kuti malemuwo sankaopa moto, ankalowa m'nyumba yoyaka ngati akulowa kuchipinda kwawo.

Mayi ankangogwedeza mutu, koma iwo ankadziwa zina. Ankadziwa mwamuna amene ankafika pakhomo malaya akununkha utsi, n'kukumbatira ana onse pamodzi osafuna kuwasiya. Atapuma pantchito, sankalola mdzukulu kuyandikira mbaula. Utsi wa zaka zonsezo unawadya m'chifuwa pang'onopang'ono, mpaka ankachita kupumira panjira popita kugeti.

Alendo atapita, mwana wawo wamkazi wotsiriza anatsitsa chisoti chakale cha bambo pamsomali n'kuyamba kuchipukuta fumbi.

"Amayi, anditenga," anatero osakweza maso. "Mwezi wamawa ndikuyamba maphunziro a ozimitsa moto."

Mtima wa mayi unangoti myuu. "Iwe, dothi la pamanda silinaume n'komwe! Bambo ako ankadziwa zimenezi?"

"Ndinawauza kuchipatala. Poyamba anandikalipira, kenako analira. Pomaliza anati ndisamadye kwambiri, chifukwa makwerero akuntchitoko ndi okalamba ngati iwowo."

Mayi anangotsala pang'ono kuseka. Anamuyang'ana mwanayo, mapewa otambalala ngati a bambo ake, n'kuona kuti kumuletsa kukanakhala kutaya malovu chabe. Komanso mawu omudalitsa anawakanika. Anatolera makapu a alendo n'kulowa kukhitchini, ndipo anaima pasinki nthawi yaitali madzi akungotayika.