Ludzu la Amayi

"Ukupumira m'mwamba bwanji? Akukuthamangitsa ndani?" anafunsa mayi ake pafoni.

"Palibe, amayi. Ndi majowajowa aja ndinakuuzani," anayankha Priska ali wefuwefu, foni ili kukhutu, miyendo osaima.

Kunali kutangocha kumene. Ku Nsanje munthu wofuna kuthamanga amayenera kulawirira, chifukwa dzuwa la kumeneko likangotuluka silichita nthabwala. Priska ankaphunzira ntchito yothandizira madokotala, ija amati kiliniko ofisa, ndipo chaka chimenecho sukulu inamutumiza kuchipatala cha kumeneko kuti akaphunzire akugwira ntchito. Tsiku lina akuyezana bipi, kuthamanga kwa magazi, ndi anzake mongocheza, yake inapezeka yokwera. Anachita mantha, poti bambo ake anapita ndi sitiroko. Anasiya mandasi ndi zakumwa zotsekemera, nayamba kuthamanga.

Vuto linali nthawi. Masana wodi, madzulo mabuku, zovala nazo zikumudikira m'beseni. Ndiye anapeza nzeru yoti aziimbira mayi ake, a Evelesi, amene ankakhala kwa Chapananga, pa nthawi yothamangayo. Nzeru imeneyi ankadzitama nayo kwa anzake.

"Nanetu malamulo ako ndikutsatira, adokotala," anatero a Evelesi monyadira. "Madzi ndikumwa osati masewera. Chigubu chija chimatha dzuwa lisanafike pamutu, koma kukhosi kumangokhalabe gwa."

"Mukuchita bwino. Ndi kutentha kwa kwathuku, madzi ndiye ofunika."

"Thupinso latsika. Diresi langa la kutchalitchi layamba kundikulira."

"Eee, ndiye mukundiposa ine wothamangane! Pitirizani choncho."

"Kungoti munga unandibaya kuphazi ndikukusa mbuzi. Pakuchedwa kupola."

Pamenepo n'kuti Priska atafika pokhotera, maganizo ali pa odwala amene ankayenera kukawaona m'mawawo.

"Muzitsuka ndi madzi amchere. Ndiimbanso mawa."

Mawa lake anaimbadi, ndi mkuja womwe. Pa nkhani yoimba foni, panalibe mwana womuposa. Koma kumva kwake kunali kwa munthu amene akuwerenga mpweya wake. Za mungazo sanafunsenso, ndipo mayi ake, poona kuti mwana watanganidwa, sanazitchulenso. Ulendo wopita kumudzi unkangosunthidwa, poti mayeso anali atayandikira.

Tsiku lina masana Hilario, mchimwene wake wamkulu, anamuimbira foni.

"Priska, ubwere. Phazi la amayi layamba kununkha."

Anakwera minibasi mpaka ku Chikwawa, kenaka njinga yamoto m'fumbi la msewu wa kwa Chapananga. Anawapeza mayi ake atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa masawu, chigubu cha madzi chili pambali. Akanakumana nawo pamsika sakanawazindikira. Masaya anali atalowa, mikono ngati mapesi a mapira.

"Taona, ndabwerera kuutsikana," anatero a Evelesi akuseka.

Priska sanaseke. Anagwada n'kumasula kansalu kamene anamanga kuphazi. Ntchentche zinabalalika. Zala ziwiri zinali zitada bii, ndipo kudako kunali kutayamba kukwera.

"Sizikupweteka, amayi?"

"Ayi, ubwino wake ndi umenewo. Phazi lonse linachita dzanzi kalekale."

"Usiku sagona, amangotuluka kukataya madzi," anawonjezera Hilario. "Pamene atayapo madzipo, m'mawa umapeza nyerere zadzaza. Ine ndinati tiyeni kuchipatala, iwo akuti adokotala athu anena kuti zonse zili bwino."

Priska anazindikira nthawi yomweyo. Ludzu losatha, kuonda popanda chifukwa, chilonda chosapola. Zizindikiro za matenda a shuga anaziloweza bwinobwino, moti akanamudzutsa kutulo akanazitchula osaphonya. Mayi ake anamuuza zonsezi ndi pakamwa pawo, chimodzichimodzi, ndipo iye anawayamikira.

Kuchipatala atawayeza anapeza shuga atakwera moopsa. Anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, komwe madokotala anati phazilo silingapulumuke. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Akudikira pakhonde, Hilario anayankhula osamuyang'ana Priska.

"Ife osaphunzirafe tikanadziwa bwanji? Koma iwe unkayankhula nawo tsiku lililonse."

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Mumtima Priska anali atagamula kale kuti sukuluyo aisiya. Munthu wolephera kumva mayi ake omubala akamva bwanji mayi a eni?

Anakhala gadiyani wa mayi ake m'wodimo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwaphikira phala lopanda shuga. Mayeso anatsala pang'ono kuyamba, iye osawatchula n'komwe. Tsiku lina akubwera kotunga madzi anawapeza mayi ake atatsamira pilo, akucheza ndi amayi a pamabedi oyandikana.

"Ndi ameneyu mwana ndimanena uja," anatero a Evelesi mokweza. "Anangoliyang'ana kamodzi phazilo, basi wadziwa kuti ndi shuga. Pakanapanda iyeyu, bwenzi pano anthu atadya kale nyemba za pamaliro anga."

"Muli ndi mwayi, mayi," anatero mmodzi wa amayiwo. "Ife athu akangopita kutauni, ngakhale foni saimba."

Priska anaika ndowa pansi. Mawu amenewo anamulasa kuposa a Hilario. Anagwada pafupi ndi bedi, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, musatero. Ndine ndinakuuzani kuti..."

A Evelesi anamugwira pakamwa ndi dzanja lawo louma lija. Anamukokera pafupi n'kuyankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Khala chete, usandichititse manyazi pa anthu. Ukuganiza kuti sindikudziwa? Ndagona pano masiku onsewa, anamwino ndawamva zimene amafunsa odwala atsopano. Ndinakuuza zonse, iwe sunamve. Nanenso ndinkafuna undiyamikire, n'chifukwa chake za chilondazo ndinangoti zii."

"Sukulu ndisiya, amayi. Ndizikusamalani."

"Usiye? Mbuzi zanga zambiri zinathera iwe. Mwendo wapita, sumera. Ukufuna ndibwerere kwa Chapananga wopanda mwendo, wopandanso dokotala?"

Priska anangoweramitsa mutu pabulangete.

"Mkazi wa Hilario akubwera mawa, adzandisamala. Iwe upite ukalembe mayeso akowo. Pukuta m'maso, anthu akutiyang'ana."

Kenaka anatembenukira kwa anzawo aja, nakweza mawu ngati palibe chachitika.

"Akulira chifukwa akubwerera kuntchito. Amandikonda kwambiri mwana ameneyu."

M'mawa mwake Priska anakwera minibasi ya ku Nsanje. Pamene inkatsika mapiri kulowa m'chigwa, anatulutsa buku m'chikwama kuti awerenge, koma zilembo sizinkaoneka. Mayi wina amene anakhala naye pampando anamufunsa ngati akupita kumaliro.

"Ayi," anayankha Priska. "Ndikupita kukalemba mayeso."