Katondo wa m'Chidebe cha Penti

Petronella anali akupinda mabulangete amene ogona pamaliro anasiya pabalaza pamene mzungu wamtali anagogoda. Anati dzina lake ndi Weston, mphunzitsi wa timu ya besibo, masewero omenya kampira ndi chibonga aja. Malemu a Wilbroad, amuna ake a Petronella, ndiwo ankasamalira bwalo la timuyo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Weston anapepesa kuti maliro anachitika timu ili kunja, kokonzekera mipikisano ya chaka chino. Kenaka anapotokola chipewa chake m'manja, nafunsa ngati anapezako chidebe cha penti chokhala ndi dothi lofiira.

A Paterson, akulu ake a malemu, anaika kapu ya tiyi pansi.

Chidebecho anachitulukira ndi iwowo. Mlungu wonse anali atakangana ndi Petronella. Iwo ankafuna kuti thupi lichoke ku London lipite kwawo ku Thyolo, pamene iye ankaumirira mawu a mwamuna wake akuti adzaikidwe pomwe mwana wawo Ivy angamafikepo pa basi. Kumudzi, amayi a malemu analeka kudya. Ndiye tsiku lina a Paterson, akufuna mipando m'kachipinda kosungiramo katundu, anapeza chidebe chovundikira ndi chiguduli chonyowa. Anatapa dothilo, nalinunkhiza, nalumbira kuti ndi katondo wa kwawo. Kumanda aliyense anatapa dothilo dzanja limodzi n'kuponya pabokosi. Amayi atamva pa foni kuti mwana wawo wagona ndi dothi la kwawo, anapempha phala.

Weston, posadziwa zonsezi, anafotokoza bwinobwino. Dothilo linali la kachulu kamene woponya mpira amaimapo. Bwalo lakale linagulitsidwa kuti amangepo nyumba, ndipo a Wilbroad anakumbako dothilo mathirakitala asanafike, kuti akalisakanize ndi la kachulu ka bwalo latsopano. Timu inali kuyamba kusewerera kumeneko Loweruka.

Mlendo atangotuluka, a Paterson anaimirira.

"Ndiye kuti mng'ono wanga tamukwirira ndi dothi la masewero?"

"Ananunkhiza ndinu, alamu."

"Inu simunatsutse."

"Ndikanatsutsa nthawi yanji? Munali mutayambitsa kale nyimbo."

Petronella sanawauze kuti mtundu wa dothilo anauzindikira tsiku lomwelo. Zaka zonsezi ankalikolopa pansi ndi kulichapa m'masokosi akaweruka kuchipatala. Mwamuna wake ankadera nkhawa kachulu kuposa denga lodontha la kukhitchini, ndipo mvula ikayamba ali kutchalitchi ankazemba kukakafunditsa lona. Ngakhale atamwalira, munthuyo anali kumusiyirabe matope oti akolope.

A Paterson anatulutsa khadi loimbira foni kumudzi. Anati sangasunge bodza pa nkhani ya manda, amayi ayenera kumva zoona lero lomwe. Petronella anawafunsa ngati akufuna maliro achiwiri mwezi womwewo. Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anagwirizana zodikira Loweruka, popeza katundu wa malemu amapereka ndi mkulu wa banja, ndipo dothi lotsala m'chidebemo linali katundu.

Loweruka anakwera sitima ku Lewisham, kenaka mabasi awiri mpaka kupitirira Romford. A Paterson anadandaula njira yonse kuti waya wa chidebe ukuwadula zala, komanso kuti munthu wa zaka makumi asanu sangamanyamule dothi mu London atavala suti.

Bwalo latsopano linali ndi mipando yonunkhabe penti ndi udzu wooneka ngati wodulidwa ndi lumo. Osewera anasiya kuponyerana mpira, navula zipewa. Weston anakhuthula dothilo pakachulu, nathirapo madzi, kenaka onse anangoima. Anaulula kuti chitsulo chotsendera dothi ali nacho, koma a Wilbroad sankachigwiritsa ntchito. Iwo ankavula nsapato, ngakhale kuzizire bwanji, n'kumaponda ndi zidendene, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, pang'onopang'ono mpaka osewera kutopa n'kudikira. Ena anayesapo kutengera, koma kachulu kawo kankang'aluka dzuwa likangowala.

"Kuyambira m'mphepete?" anafunsa a Paterson, osayang'ana munthu.

Nkhani ya njerwa Petronella ankaidziwa, mwamuna wake anamuuzapo kangapo: anyamata awiri, iye ndi akulu akewa, akuponda dothi loumbira njerwa m'dzenje kuseri kwa nyumba ya bambo awo, wamkulu akukalipira wamng'ono kuti akuchedwetsa ntchito.

"Ameneyu ankanditopetsa kuyambira kale," anatero a Paterson. "Tamuuzani mzunguyo kuti madzi achepa."

Anavula jekete, napatsa Petronella. Kenaka anapisa m'thumba la malaya, natulutsa khadi la foni lija, nalisanjika pamwamba pa jeketeyo.

"Mawa muwaimbire amayi, alamu. Muwafunse ngati akudya bwino. Zinazo muzisiye."

Anakhala pachidebe chopanda kanthucho, namasula zingwe za nsapato, nalowetsa sokosi iliyonse mu nsapato yake. Phazi litakhudza dothi lozizira anatukwana chapansipansi. Anapinda buluku mpaka m'mawondo, napita kumphepete kwa kachulu, nayamba kuponda.