Dzina la Mwana wa Sesiliya

Tulo tinamukana Gervazio Kamwendo sabata yonse ija. Kuseri kwa nyumba, m'khitchini yakale yodontha, khanda linkakhosomola, ndipo chifuwacho chinkaboola khoma n'kumupeza pamphasa pake. Iye ankangotembenuka n'kufunda bulangete mpaka kumutu.

Gervazio anali katekisiti wa tchalitchi cha m'mudzimo, kumapiri a ku Dedza, munthu woti akayamba kuphunzitsa za ubatizo ngakhale mbuzi panja zinkaleka kulira. Pakamwa anali napo ndithu. Ankati madzi aja amatsuka tchimo lobadwa nalo, munthu n'kusanduka mwana wa Mulungu. Koma mwana wake Sesiliya atabwerako kusukulu ali ndi pakati, mwini mimba atathawa, Gervazio anamuponyera zovala pabwalo. Khandalo litabadwa sanaliyang'ane n'kamodzi komwe. Akafuna kulitchula ankangoti "chinthucho."

Uthenga utabwera wakuti bambo mfumu adzabatiza makanda, Sesiliya anakagwada pakhomo.

"Ababa, mwanayunso abatizidwe nawo. Akudwaladwala."

"Madzi a mpingo si ochapira manyazi ako. Kafune amene anakupatsa mimbayo akubatizire."

Wansembe sakanamubweza mwanayo, kungoti sanauzidwe. Tsiku la ubatizo linafika n'kupita, Gervazio ataimba mokweza kuposa onse.

Tsono usiku wina tulo tinamuba mwadzidzidzi. Anapezeka ali m'tchalitchi mopanda mabenchi, simenti ikumuluma kuphazi ndi kuzizira. Munkanunkha sopo ndi utsi wa koloboyi. Pambali pa beseni la ubatizo panaima agogo ake, a Nangozo, mzamba amene anamwalira iye asanakwatire. Anali atamanga nsalu m'chiuno, manja atanyowa mpaka m'zigongono. Madzi ankadontha kuzala zawo koma osamveka pofika pansi. Gervazio anasuzumira m'beseni muja. Munali gwaa, fumbi ndi zitosi za mileme zokhazokha.

"Gervazio," anatero agogowo chapansipansi. "Iwe unabadwa uli lobodo, osalira. Ndinatunga madzi m'kapu yomwera n'kukuthira katatu. Za bambo ako sindinafunse. Panalibe woti ayankhe."

Agogowo anamugwira pamphumi ndi chala chozizira n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono, monga achitira munthu pochotsa mwaye pa poto. Anamva chinthu chikusendeka pamphumipo, ndipo anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo chibadwire.

"Agogo, musachotse!"

"Unalandira ulere, iwe ukumana. Dzuka. Mwanayo sadikira wansembe."

Anadzidzimuka kunja kukuyera, pamphumi pakuwotcha. Anatchera khutu. Chifuwa chija sichinkamvekanso, ndipo bata limenelo linamuopsa kuposa malotowo. Anatunga madzi m'ndowa ndi kapu yake yomwera tiyi n'kuthamangira kuseri wopanda nsapato.

Sesiliya anali atakhala pafupi ndi phulusa lozizira, mwana ali pamiyendo. Kamwanako kankapumira m'mwamba, nthiti zikuwerengeka. Lamulo Gervazio ankalidziwa, ndiye ankaliphunzitsa chaka ndi chaka: munthu akakhala pangozi ya imfa aliyense angathe kumubatiza, bola madzi ndi mawu ake. Anagwada, nakweza kapu, natsegula pakamwa. Pamenepo m'pamene anakakamira. Mwa chizolowezi chake ankayamba ndi kutchula dzina la wobatizidwa, ndipo dzina la mdzukulu wake sankalidziwa.

"Dzina lake ndani?"

Sesiliya anamuyang'ana, maso ali ouma.

"Si chinthucho, ababa?"

"Chonde mwana wanga, nthawi yatha."

"Ndi Gervazio. Ndinkati mwina mukamva mubwera kudzamuona."

Madzi ena anatayikira paphulusa. Katekisitiyo anathira otsalawo katatu pamphumi pa khandalo.

"Gervazio, ine ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Mwanayo anatsinzina madzi atamulowa m'maso, koma sanalire. Anapumako pang'ono, dzuwa n'kutulukira pa phiri, kenaka analeka. Sesiliya sanabume maliro. Anangomunyamula n'kumuika m'manja mwa bambo ake.

"Mugwireni. Simunamunyamulepo."

Gervazio anamulandira. Anali wopepuka kwambiri, ndipo pamphumi pake panali pakadali ponyowa.