Sikono Yotengedwa Pamaso pa Amalume

Ndipo ngati ndi tiyi chabe, tiyi wothokoza amayi kuti apuma pa ntchito yawo yophunzitsa kusukulu ya mkaka, nanga amalume a Cyprian avaliranji jekete? Hazel ankapukuta makapu obwereka kwa amayi a Mvano, maso ali pawindo la kukhitchini, ndipo funsolo silinkamuchoka. Amalume omwe pa Khirisimasi amabwera ndi malaya a mpira, omwe ngakhale kutchalitchi jeketelo amangolikoleka paphewa, lero alimanga mabatani onse, dzuwa la ku Zengeza, kuno kwa Ashona, likuphika mutu chonchi. Iye analionapo kamodzi kokha litamangidwa chotero: tsiku limene amalumewo anakaimira msuweni wake wa Hazel ngati nkhoswe.

Zonsezi anakonza ndi Charmaine, mkulu wake, munthu woti akafuna chinthu sanena, amangosuntha mipando mwakachetechete mpaka aliyense n'kupezeka wakhala pomwe iye amafuna. Anati popeza amayi akalambira kuwerengera ana a eni ake mabuku a nthano, bwalo lonse la kuseri kwa nyumba lisanduke buku. Makatoni otola ku Town Centre anawapaka penti n'kukhala nyumba ya mfumu, masamba a mabuku ong'ambika anawakoleka pachingwe choyanikira zovala, pamwamba pa keke anadzalapo kankhalango ka shuga wobiriwira, ndipo aliyense wa m'banjamo anapatsidwa chovala chake. Amayi chisoti cha mfumukazi. Abambo nkhwangwa ya pepala. Charmaine mwini wake diresi lofika pansi la mwana wa mfumu — loyera, mwa mitundu yonse ya padziko, loyera — ndipo Hazel mapiko a waya okutidwa ndi nsalu yakale ya pawindo, akuti iye ndi mbalame yolankhula. Mbalame ija imene imauluka kukapereka uthenga wa anthu ena okondana, tsamba likangotembenuzidwa osamvekanso.

Ayi, uku n'kuipa mtima, anadzidzudzula, uku n'kukhala pakhomo miyezi yonseyi kudikira zotsatira za mayeso mpaka mutu kuyamba kuluka nthano zakezake. Ngonidzashe waitanidwa chifukwa anaphunzira kwa amayi ali kamwana, monga ena onse amene adzaza mabenchiwa, basi. Ndipo kodi si iye Hazel amene mnyamatayo amamusekerera akangomuona pakhomo pa kashopu kake kokonzera mafoni? Si iye amene amamukoka mangongo, kumubisira chikwama, kumuperekeza mpaka pokwerera makombi, timabasi tija, n'kunena m'Chichewa chake chopindika chija chimene anatola kwa amayi kuti, "Iwe ndiwe mkazi wanga, ukudziwa?" Mawuwo Hazel ankapita nawo kunyumba ngati dzira, kuwatembenuza, kuwaveka nyimbo, mpaka anasankha kale malo amene lero zidzanenedwe zenizeni: kuseri kwa nyumba ya makatoni, anthu ali otanganidwa ndi keke. Wadikira kokwanira. Koma — ndipo apa nsalu yopukutira inaima m'kapu — ankapitiranji kushopuko kawirikawiri chotero? Foni yake sinafepo. Inali ya Charmaine imene inkangowonongeka, lero batire, mawa galasi, ndipo wotumidwa anali iye, kupita nayo, kubwera nayo, osaitsegula ngakhale kamodzi chifukwa ndi mwana woleredwa bwino.

Charmaine analowa, diresi atalinyamula m'manja kuti lisakhudze pansi.

"Asisi, amalume avaliranji jekete?"

"Kawafunse. Tenga mkakawo, anthu akudikira."

Sanamuyang'ane. Anathira shuga m'mbale imene inali yodzaza kale, wina n'kutayikira patebulo, ndipo Charmaine sataya kanthu.

Panja mapiko ankakola chilichonse, chitseko, chingwe, duku la mayi wina, ndipo ali mkati mopepesa ndi pomwe anamuona Ngonidzashe akulowa pageti. Nsapato zatsopano. Tsitsi lometedwa lero lomwe. Anzake a kusukulu ya mkaka analowa mwaphokoso, kukumbatira amayi, kujambulitsa ndi chisoti, koma iye anapita molunjika kwa amalume, n'kunjuta pansi, n'kuwomba m'manja mwa Chishona, pang'onopang'ono, motalika kuposa moni wa munthu wodzamwa tiyi.

"Makadii, sekuru."

"Tili bwino, mwana wanga. Khalani apa."

Khalani, osati khala. Ndipo amalume anamuyang'ana kuyambira kunsapato kukwera, mmene amayang'anira mbuzi asanaigule. Kapena ndi ulemu chabe, Ngonidzashe ndi waulemu, n'chimodzi mwa zimene Hazel anamukondera, ndipo mwina, mwina jeketelo alivalira iye Hazel, mwina Charmaine akudziwa zonse ndipo wakonza izi kuti mng'ono wake adabwe, monga zimathera m'mabuku. Anayang'anitsitsa. Charmaine anabwera ndi tipoti, anathira tiyi m'kapu ya mnyamatayo, ndipo iye sanadzutse maso, anathokoza kapu, osati munthu. Sanamuyang'ane n'komwe! Diresi lonse lija, loyera mpaka kuthobwa m'maso, ndipo iye anayang'ana kapu. Koma Hazel atadutsa ndi mkaka, mnyamatayo anatambasula dzanja n'kugwedeza phiko lake.

"Kambalame, sunauluke?"

"Ndisiye, iwe."

"Khala apa pafupi ndi mwamuna wako."

Anakhala. Anakhala, sikono yopaka jamu ili m'mbale pamiyendo pake, akudzitukwana chifukwa chomuganizira zoipa mkulu wake amene anagona mochedwa sabata yonse akupinda waya wa mapiko omwewa. Munthu wanji wochitira nsanje mbale wake pa tsiku la amayi ake? Masamba a mabuku ankapepezeka pachingwe, wina anali kuyamika amayi mosakaniza Chishona ndi Chichewa, ndipo kwa kanthawi dziko linali monga analilotera.

Kenako abambo anadzuka ndi nkhwangwa yawo ya pepala n'kupita pomwe panakhala amayi aang'ono a Brilliant, mng'ono wawo wa amayi, n'kutola bisiketi m'mbale mwawo.

"Bweretsa kuno, mkazi wanga wamng'ono."

"Alamu, manyazi anakutherani? Kadyeni kwa mfumukazi yanu uko."

Anthu anaseka, amayi anaseka mpaka chisoti kupendekeka, ndipo Hazel nayenso anayamba kuseka, poti izi waziona moyo wake wonse, chilamu, masewera a mwamuna ndi mng'ono wa mkazi wake, kulandana chakudya, kukokana duku, kuitanana mayina a ukwati poyera chifukwa aliyense akudziwa kuti palibe kanthu. Kuseka kunamuthera pomwepo. Palibe kanthu. Ndiye chifukwa chake zimachitika poyera. Abambo omwewa pagulu sakhala pafupi ndi amayi, sawagwira ngakhale chala, akafuna tiyi amauza tipoti. Mwamuna sasewera pamaso pa akuluakulu ndi mkazi amene akumufuna, amamuopa, amayang'ana pansi, amathokoza kapu. Ndipo iye, wowerenga mabuku onse a m'nyumba muno, anaona bwanji zonsezi kwa abambo ake osaziona pakhomo pa kashopu kaja, pomwe mangongo ake ankakokedwa masana, anthu akudutsa, mnyamatayo osayang'ana n'kumbuyo komwe kuti akumuona ndani?

Komabe mwina Ngonidzashe sadziwa manyazi, anyamata a masiku ano sali ngati abambo, mwina chikondi chake n'chopanda mantha basi, mwina akangotembenuka n'kumuyang'ana mwa mtundu wina, kamodzi kokha, mosaseka —

Supuni inalira pakapu. Amalume anaimirira, n'kukoka jekete lawo m'munsi kuti likhale bwino.

"Tisanadule keke, pali mawu pang'ono."

Bwalo linayamba kukhala chete, ndipo m'kachetechete wosakwanirayo dzanja la Ngonidzashe linabwera, losabisala, lodutsa pamaso pa abambo, pamaso pa amalume ataimirira, n'kutenga sikono m'mbale ya Hazel. Analuma. Anamutsinzinira diso. Mabenchi anaseka kuseka kofewa, kwa pachibale, ndipo amayi anaseka kuseka komwe kuja anasekera bisiketi ya amayi aang'ono, osasintha ngakhale pang'ono.

Waya wa phiko unali utamulowa paphewa. Hazel anafuna nkhope ya mkulu wake kutsidya kwa keke, kuseri kwa timitengo ta shuga, ndipo Charmaine sankaseka ndi anthuwo, sankayang'ana amalume, sankayang'ana aliyense. Maso ake anali m'kapu, manja onse awiri atayigwira, monga mmene Ngonidzashe anayang'anira kapu yake ija.