Kandege Kodziwongola Kokha

Ndaziona analota dzuwa lili paliwombo, atatsamira khoma pa benchi ya kuchipatala kumene mwana wake Mwatitha anagonekedwa, thupi likutentha osaleka.

Anapezeka m'sitolo ina ku Limbe. M'mashelefu munali tindege toulutsa ndi rimoti, tonse tikupuma ngati nkhuku zofungatira mazira. Wogulitsa anali achimwene ake, a Fatsani, amene anamwalira kalekale, atavala jekete lomwe anaikidwa nalo. Ndaziona sanadabwe.

"Mwabwera kudzasankha, chemwali," anatero a Fatsani.

"Eya, achimwene. Mwatitha akufuna kuphunzira kugadabuza ndege m'mwamba. Ndinamulonjeza."

Kandege kofiira, kosongoka mphuno, mapiko ali kumimba, kanatsokomola. "Ine ndimapiringizika, ndimauluka chagada," kanatero. "Koma sindikhululuka. Chala chikaterereka, mudzanditola zidutswa."

Pa shelefu yapansi panali kena koyera, kopepuka ngati chitsononkho, mapiko aatali ali pamsana. "Ine ndimachedwa," kanatero. "Ndimagadabuka mwaulemu. Mukandisiya, ndimadziwongola ndekha."

"Wongoyamba kumene amatenga koyerako," anatero a Fatsani.

Ndaziona anakanyamula. Kanali kofunda ngati khanda.

Chitseko chakumbuyo chinatsegukira pakati pa mtsinje wa Mudi. Anaima pamwamba pa madzi, osanyowa. A Fatsani anamugwiritsa rimoti ya timitengo tiwiri, n'kuponya kandegeko m'mwamba. Katadutsa pafupi, Ndaziona anaona Mwatitha pawindo la kandegeko, wamng'ono ngati nyemba, diripi ili pamkono.

"Amayi, gadabuzani!" anafuula mwanayo.

Ndaziona anakoka kamtengo. Kandege sikanagadabuke; linagadabuka ndi dziko. Phiri la Ndirande linalendewera chozondoka, maminibasi akuyenda matayala ali m'mwamba. Kandege kanayamba kugwa, kakuzungulira ngati tsamba louma.

"Siyani timitengo, chemwali."

"Ndikasiya, apita."

"Mukagwirabe, agwa."

Ndaziona anayang'ana zala zake. Zinali zasanduka nsungwi. Anafunafuna mantha m'chifuwa mwake, anangopezamo zii. A Fatsani anamutambasula zalazo chimodzichimodzi, monga mmene munthu amalandira mpeni kwa mwana.

Kandege kanagwabe. Kanafika pafupi ndi madzi, mpaka phiko linanyambita thovu. Kenaka kanagwedezeka, kanadzutsa mphuno, n'kuyamba kuuluka molunjika, pang'onopang'ono, kakubwera kwa iye.

"Kukateretsa ndi ntchito yanu," anatero a Fatsani. "Ine malire anga ndi pano." Anamanga mabatani a jekete n'kulowa m'madzi monga wotsika masitepe.

Munthu anamugwira phewa Ndaziona. Anali namwino wamfupi wa m'wodi ya ana.

"Mayi a Mwatitha? Kutentha kwatsika. Wadzuka, akukufunsani."

Ndaziona anagwedeza mutu. Anakhala kaye, kudikira kuti chimwemwe chifike. Sichinafike. Anakonza chitenje, anatola fulasiki ya phala pansi pa benchi, n'kutsatira namwinoyo.