Dzanja Lamanzere la Ermanno

Ermanno Pellizzon atatuluka m'chipatala anapeza tebulo lake lili momwe analisiyira. Maburashi anali m'kapu, timabotolo ta utoto tili pamzere, ndipo kamsilikali ka Chiroma kanali pakati, kopentedwa nkhope yokha. Sitiroko inali itamupha dzanja lamanja. Supuni ankagwira movutikira, koma kaburashi kowonda ngati nsidze kankangomupulumuka.

Ku kalabu ya openta tizidole tachitsulo ya ku Udine, aliyense ankadziwa kuti pa nkhani ya Aroma, Ermanno analibe mnzake. Mizere ya pa zishango zawo ankaijambula yowongoka ngati wachita kuyeza. Tsopano anangofunditsa tebulolo nsalu, ndipo ku kalabuko anasiya kupondako.

Amene anakana kumusiya anali Tullio Zanier, mnzake wa paubwana yemwe ankalimbana naye pa mpikisano uliwonse. Loweruka lina masana anafika anthu akudya, n'kuponya kabokosi pambali pa mbale ya polenta, nsima yawo ya chimanga.

"Tenga, mdala. Ndinagula molakwitsa. Ine anthu osasambawa sindipenta."

M'kabokosimo munali zidutswa zachitsulo zokulunga m'thonje: mutu wa tsitsi lomanga mfundo chapakhutu, thupi, mikono iwiri, chishango, mkondo ndi chikopa cha chimbalangondo chofunda paphewa. Anali wankhondo wa Ajeremani akale, mmodzi wa aja anabisalira Aroma m'nkhalango n'kuwatha psiti.

Ermanno anamuuza mnzakeyo kuti kuseka wodwala si bwino. Tullio, yemwe anali atadzigawira kale chakudya, anayankha akutafuna kuti munthu amabadwa ndi manja awiri, ndipo lamanzerelo lakhala likudya zaulere kuyambira kalekale.

Kabokosiko kanakhala pamwamba pa kabati mpaka chisanu chinayamba. M'mawa wina Nerina, mkazi wa Ermanno, anapeza mwamuna wake atagwira tupa kumanzere, akupala msoko wa pa mkono wa kachidoleko, mkonowo ukungothawathawa patebulo. Anakoka mpando n'kugwira mkonowo ndi zala zake, Ermanno n'kumapala.

Kulumikiza zidutswazo kunatheka, poti anali awiri. Vuto linali utoto. Nkhope yoyamba inatuluka ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi. Anaiviika m'mankhwala ochotsera utoto n'kuyambiranso, koma yachiwiri inaposa pamenepo kuipa. Tsiku lina anapsa mtima n'kuponya burashi, ndipo inasiya chidontho chofiira pakhoma.

"Inu, ngati mwaganiza zopenta khoma, mumalize lonse," anatero Nerina, akumubwezera burashiyo m'dzanja.

Zinayamba kusintha atafika pa chikopa cha chimbalangondo. Dzanja linkanjenjemera, timizere tinkapita uku ndi uku, ndipo atayang'ana pa galasi lokulitsa anaona ubweya weniweni, wonyowa ndi mvula, wopiringizana. Pa Mroma kunjenjemera kotere kukanawononga zonse, koma Mjeremaniyu zinkamukhala. Matabwa a chishango anafunika kuoneka ong'aluka, miyendo yamatope, ndevu zosapesa. Ermanno anayamba kudzuka molawirira, khofi n'kumazizira asanamwe.

Panatsala maso. Pamenepo pokha sipafuna kunjenjemera ngakhale pang'ono. Atalephera kangapo, ananyamula dzanja lakufa lija n'kuligoneka patebulo, n'kutsamiritsa lamanzere pamwamba pake. Linali lolemera, losagwedezeka. Anagwira mpweya, n'kudontheza kadontho kumanzere, kenako kumanja. Wankhondoyo anamuyang'ana mwaukali. Ermanno anaitana Nerina kuti adzaone.

Pansi pa kachidoleko anamatapo ndere ndi timizu timene Nerina anatola kumapiri, kuti munthuyo aoneke akutumphuka m'tchire mkondo uli m'mwamba.

Mpikisano unachitikira ku Trieste chisanu chitatha, m'holo yaikulu ya kufupi ndi doko. Tullio anabwera ndi Mroma wonyamula mbendera, wa mkanjo wofiira, wokongola zedi. Anthu ankamupatsa moni Ermanno ndi timawu tofewa tachisoni, ena n'kumamusisita paphewa, ndipo zimenezi zinkamunyansa. Chinamutonthoza n'chakuti pa tizidolepo sipalembedwa mayina, moti oweruza sakanamumvera chisoni. Anawaona ali chapatali akuzungulira ndi timatochi tawo. Mayi wina wa imvi, woweruza wochokera ku Milano, anawerama pa Mjeremani uja nthawi yaitali, kenako anakodola anzake.

Madzulo anayamba kuitana opambana. Mendulo yasiliva inapita kwa Tullio, amene anakailandira akuwerama ngati woimba pa zisudzo. Ermanno anaomba m'manja mwa njira yake, akumenya ntchafu, mumtima atavomereza kuti chaka chino wangobwera kudzaonerera.

Kenako anamva dzina lake. Golide.

Poyamba sanadzuke. Nerina ndiye anamugunda ndi chigongono n'kumupatsa ndodo. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando, mwendo ukukoka, holo yonse itaimirira. Mayi wa ku Milano uja atatambasula dzanja kuti amupatse moni, anaona kuti akulandiridwa ndi lamanzere. Anayang'ana dzanja linalo lili lende, ndipo anafunsa motsitsa ngati ubweya uja anapenta ndi lamanzerelo. Ermanno anangogwedeza mutu kuvomera, n'kukweza menduloyo m'mwamba momwe akanathera.

"Aroma agwanso m'nkhalango!" anakuwa wina wa ku kalabu, anthu n'kufa nako kuseka.

Tullio anamukumbatira mpaka ndodo inagwa. "Galu iwe, ndikanadziwa ndikanakugulira njinga," anatero, akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

Mwambo utatha anthu anamuunjirira, ena a ku Slovenia, ena a ku Austria, onse akufuna kudziwa momwe amapentera ubweya wotere. Wina anatulutsa burashi, wina utoto, wina kachidole kosapenta. Ermanno anakhala pansi, anagoneka dzanja lamanja patebulo, n'kuyamba kuwaonetsa. Nerina anaima kumbuyo atanyamula makhoti. Anayang'ana wotchi, anaona kuti sitima yawo yapita kale, ndipo anakafuna mpando nayenso n'kukhala.